Kamzere kamene kali kutsogolo kwa dzina la fayilo

Usiku wa Lachitatu, ndipo tulo sitikubwera. Foni ya achemwali ya m'mawa uja ikadali m'mutu.

"Achimwene, zithunzi za mwana zija ndaziona, koma diresi lake silinali lotere ayi. Likuoneka ngati lachapidwa kakhumi."

Ndinayankha msanga kuti mwina ndi foni yawo. Anati ayi, atumiziranso anzawo awiri, ndipo n'chimodzimodzi. Diresi lija, lowala pakati pa mtundu wa masamba ndi wa thambo, lasuluka. Udzu umene mwanayo anakhalapo watuwa, ngakhale masaya ake akuoneka ngati wangodzuka kumene pa matenda. Sanandikalipire. Anangoti, "Basi, mwina ndi mmene zimakhalira," ndipo mawu amenewo ndi amene anandibaya kwambiri. Tsiku lija ndinagona chafufumimba pa udzu kudikira kuti dzuwa lipendeke, mwana naye anapirira nane, lero mayi ake akhutire ndi chinthu chosuluka?

Nditatsegula zithunzizo pa kompyuta, mu pulogalamu imene ndimakonzera zithunzi, diresi linali bwinobwino. Ndinakhala ndikuyang'ana uku ndi uku, foni m'manja, sikirini kutsogolo, mpaka maso anagwera pa mayina a mafayilo. Kale ankayamba ndi DSC_, tsopano akuyamba ndi _DSC. Kamzere kasamukira kutsogolo. Umu ndi mmene kamera imadziwitsira kuti chithunzi chajambulidwa mu Adobe RGB osati sRGB, zomwe ndi njira ziwiri zosungira mitundu m'chithunzi, zotchedwa colour space. Pa makamera a Canon, IMG_ imasanduka _MG_. Pamenepo ndinakumbukira kuti ndinasintha ndekha mu menyu miyezi ingapo yapitayo, akulu ena amene anandiphunzitsa kugwira kamera atandiuza kuti wojambula weniweni sasiya kamera pa sRGB.

Madzulo ndinawaimbira akuluwo. Kapena kunali kusanade, chifukwa ndikukumbukira kuti magetsi ndinali ndisanayatse.

"Mphwanga," anatero, "Adobe RGB ili ndi mitundu yambiri. Ukufuna kutaya mitundu dala?"

Ndinati akulu, ndikhululukeni, koma si yambiri, ndi yotambasuka. JPEG, mtundu wa fayilo ya chithunzi umene timatumizirana, ili ndi masitepe 256 pa kufiira, 256 pa kubiriwira, 256 pa buluu. Mukawerengera zonse zimakwana pafupifupi 16.7 miliyoni, kaya mwasankha sRGB kaya Adobe RGB. Chimene chimasiyana ndi malire. Adobe RGB imafika patali ku mbali ya zobiriwira ndi zija zopita ku buluu, ndiye masitepe omwewo amatalikirana. Nambala imodzimodzi imatanthauza mtundu wina kuno, mtundu wina uko. Pulogalamu ikalandira chithunzi n'kusazindikira kuti ndi cha Adobe RGB, imangowerenga manambalawo ngati a sRGB, ndipo zonse zimathima. Chovutanso n'chakuti makamera ambiri saika m'fayilo profile yonse yofotokoza tanthauzo la manambalawo, amangolemba kachizindikiro mu Exif, mbali ya fayilo yosunga za mmene chithunzi chinajambulidwira, ndipo si pulogalamu iliyonse imene imakayang'ana.

Anakhala chete pang'ono. Kenako anati, "Nanga posindikiza?"

Apa sindinawatsutse, chifukwa akunena zoona. Adobe anatulutsa Adobe RGB mu 1998 n'cholinga choti ikwanire mitundu yambiri imene makina osindikizira a CMYK, aja a inki zinayi, amatha kutulutsa, makamaka yobiriwira ija imene sRGB imaidula. sRGB inapangidwa ndi HP ndi Microsoft mu 1996, poganizira masikirini a nthawi imeneyo ndi intaneti. Akuluwa moyo wawo wonse akhala akujambula zopita pa pepala, ndipo amadziwa amene akuwasindikizira. Kwa iwo langizo lija n'lolondola. Ine zithunzi zanga pafupifupi zonse zimathera m'manja mwa munthu, pa kasikirini ka foni, zitadutsa m'mapulogalamu amene sindingawalamulire.

Ndinawafunsa kuti, "Kodi inu simujambula RAW?"

"Nthawi zonse."

"Ndiye zimene mwasankha mu menyu sizikhudza n'komwe fayilo yanu."

Anaseka, akuti mwana wakula. Koma ndi mmene zilili. RAW ndi fayilo yosakonza imene imasunga zimene sensa ya kamera yaona, ndipo colour space mumasankha pambuyo, potulutsa chithunzi pa kompyuta. Chosankha cha mu kamera chimangokhudza JPEG, kuphatikizapo kachithunzi kamene kamera imaonetsa kumbuyo ndi histogram yake, kagirafu koonetsa kuchuluka kwa kuwala. Iwo akhala pa Adobe RGB zaka zonsezi osapsa nayo chifukwa JPEG ya mu kamera saitumiza kwa munthu. Ine tsiku lija ndinajambula JPEG yokha pofuna kuti khadi isadzaze, n'kutumiza osakonza.

Chimene chikundisowetsa mtendere si chakuti anandilangiza molakwa. Ndinalandira langizo osafunsa kuti likuthandiza ndani, pa ntchito yanji. Ndinamva mawu akuti "weniweni" ndipo chala chinathamangira ku menyu. Masiku ano ndikumakwiya msanga ndi tinthu totere, mwina chifukwa kujambula ndi chinthu chokhacho chimene ndimachita ndi mtima wonse popanda wondituma, ndiye chikapanda kufika bwino kwa amene ndimamufunira, ndimamva ngati ndalankhula koma mawu sanatuluke. Mwana ameneyu sadzakhalanso wa zaka zinayi. Diresi lija pofika chaka chamawa lidzakhala litamuchepera.

Mwamwayi palibe chatayika. Ndakhala pansi usiku uno n'kuzikonza zonse. Choyamba kuuza pulogalamu kuti mafayilowa ndi a Adobe RGB, kenako kuchita convert kupita ku sRGB. Ukangochita assign sRGB, komwe ndi kungomata dzina la sRGB pa fayilo, manambala amakhala omwewo ndipo kusuluka kuja kumabwereranso. Convert ndi imene imawerengera manambala atsopano kuti mtundu ukhale umene unali. Ndinatumiza chimodzi ku foni yanga kuti ndione. Diresi labwerera. Pamphepete pake, pamene dzuwa linkawomba kwambiri, kubiriwira kwaphwa pang'ono poyerekeza ndi zimene ndikukumbukira, chifukwa mtundu umenewo uli kunja kwa malire a sRGB. Achemwali sadzazindikira. Ine ndikupaona.

Kamera ili patebulo pano, menyu ili yotsegula. Ndabwezera pa sRGB, ndasankhanso RAW ndi JPEG pamodzi, ngakhale khadi izidzaza msanga. Koma mawu omaliza a akulu aja akundibwererabe. Anati mafoni ambiri atsopano amaonetsa Display P3, yomwenso ndi yotambasuka kuposa sRGB, ndiye ndani akudziwa kuti mwanayo akadzakula adzaziyang'anira pa chiyani.

Zithunzi zokonzedwazo sindinatumize. Achemwali agona kale. Mwina mawa ndiwafunse kaye ngati diresilo likadalipo, ndimujambulenso mwanayo kuwala kusanasinthe.