Buluku la telala ku Kansas City

Zaka 31 ndakhala ndikupalasa makina a Singer pakhonde la sitolo ku Limbe, ndipo palibe kasitomala amene anabwererapo kudzati msoko wanga wamasuka. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti amene anakachita manyazi ku America si munthu wamba.

Mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino ku Kansas City, atandiitana kuti ndikaone mdzukulu, ndinadzisokera buluku latsopano usiku woti mawa ulendo. Magetsi anali atazima. Ulusi wabwino unali utathera pa madiresi a ukwati wa eni ake, ndiye ndinangotola kaulusi kakalekale m'chitini cha mabisiketi, n'kudutsa kamodzi kokha pamsoko wa kumbuyo. Za makasitomala ndimadutsapo kawiri. Koma langa ndinati aa, ndine ndani ine, ndikukalima?

Loweruka lina mwanayo anati, "Adadi, valani bwino, lero tikaone nyumba ya telala mnzanu."

Mnzangayo ndi mayi Nell Donnelly, amene anthu kumeneko amangoti Nelly Don. M'galimoto anandifotokozera kuti mayiyu ananyansidwa ndi madiresi apakhomo a nthawi imeneyo, okhala ngati matumba a chimanga, n'kuyamba kusoka ake okhala ndi thupi. Mu 1916 anapereka madiresi 216 kusitolo ya Peck's, lililonse dola imodzi, ndipo anatha ngati mandasi a m'mawa. Kuchokera pamenepo inabadwa fakitale ya Donnelly Garment Company, ya antchito mazanamazana. Ine kumva choncho mtima unachita kuwawa. Madiresi 216! Ine oda ya mayunifolomu 40 a kwaya imandidwalitsa msana sabata yathunthu.

Nyumbayo ili mumsewu wa Oak, chinyumba chachikulu ndithu. Pachipata pake m'pamene achifwamba anamugwirira mayiyu pamodzi ndi dalaivala wake mu Disembala 1931, n'kulamula madola 75,000. Mnansi wake James A. Reed, yemwe anakhalapo seneta, anaopseza akuluakulu a zigawenga za mumzindamo mpaka iwo eni n'kuyamba kusaka anzawo, ndipo mayiyo anamasulidwa osalipira kalikonse. Mu 1933 anakwatiwa ndi Reed yemweyo. Apo ine sindinenapo kanthu, ndine mkulu wa mpingo.

Masiku ano m'nyumbamo amaonetsamo zidole ndi tinthu ting'onoting'ono: timipando tonga chala, timbale tonga batani la shati, zonse m'magalasi. Pakhomo tinakumana ndi gogo wina wachizungu amene anabweranso kudzaona, ndipo ndi Chingelezi changa cha Sitandade 8 ndinamuuza kuti nane ndine telala, ndinachita kumuonetsa kolala ya shati langa kuti aone ntchito ya manja. Anagwedeza mutu mwaulemu. Ndinayenda monyang'wa.

Tsoka linandipeza pa kanyumba kena ka zidole kamene kanali m'munsi. Ndinkafuna ndione ngati timakatani ta pawindo tinapindidwa bwino m'mphepete, poti telala sapita patchuthi. Ndinawerama. Sindinaone bwino. Ndinanjuta.

Phwee!

Abale, m'nyumba zoterezi anthu amayenda mwakachetechete ngati pamaliro, choncho phokosolo linamveka mpaka chipinda chachitatu. Msoko unatseguka kuyambira palamba mpaka pansi, ndipo kamphepo ka makina oziziritsa kanandipatsa moni malo amene sindinayembekeze. Choipitsitsa n'chakuti mkati ndinali nditavala kabudula amene ndinasoka ndi nsalu yotsala ya chitenje cha msonkhano wa amayi, mawu akuti "Dzukani Muwale" ali pakatikati penipeni.

Ndinadzuka, koma sindinawale. Ndinatsamira khoma ngati wapolisi wolondera banki, n'kuyamba kuyang'ana kudenga ngati ndikuchita chidwi ndi mmene anamangira.

"Adadi, tiyeni kuchipinda china."

"Pita mwanawe, ine pano pandisangalatsa."

Anazungulira, anasuzumira, kenako anagwira pakamwa misozi ili chuchuchu. Namwino wathunthu, wophunzira ndi ndalama za makina anga omwewo.

Amene anandipulumutsa ndi gogo uja. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa mapini anayi, ndipo popereka anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa ulusi umene unkalendewera. Anafunsa ngati bulukulo ndinasokanso ndekha.

Ndinakana. Ndinati n'lapakaunjika. Ndinawonjezera kuti atelala a masiku ano ndi akuba, amadutsa kamodzi pamsoko.

Ndinatuluka m'nyumba ya Nelly Don chammbali ngati nkhanu, juzi la mwana wanga lapinki nditamanga m'chiuno, pini imodzi ikundibaya sitepe iliyonse. Mayiyo anakhala ndi moyo zaka 102, anamwalira mu 1991, koma ndikhulupirira kuti pageti pake sipanadutsepo telala womvetsa chisoni chotere.

Ndinamuchonderera mwanayo kuti nkhaniyi ithere m'galimoto momwemo. Analonjeza. Nditabwerera ku Limbe, kasitomala woyamba, mphunzitsi wa m'kwaya yathu, anaika nsalu yake ya suti patebulo, n'kundiyang'ana nkhope ili gwa.

"Abambo, kumbuyoku mudutseko kawiri. Ine sindifuna kuwala."