Zomwe ma Z andiphunzitsa

Kwa milungu itatu tsopano ndakhala ndikuphunzira za kusamutsa SAP, pulogalamu imene makampani amayendetsera ntchito zawo, kupita nayo ku cloud (makompyuta ofikiridwa kudzera pa intaneti), ndipo gawo lomwe landidya mutu kwambiri ndi la code imene kampani inadzilembera yokha. Mu SAP mapulogalamu otere dzina lake limayamba ndi Z kapena Y, n'chifukwa chake anthu amangoti "ma Z". Nkhaniyi yafika pothina chifukwa chithandizo chanthawi zonse cha ECC, yomwe ndi SAP yakale, chikutha kumapeto kwa 2027, ndipo wofuna kufika nacho 2030 ayenera kulipira ndalama zoonjezera.

Ine ndimaganiza kuti ntchito yake ndi kutenga pulogalamu iliyonse n'kuikonza kuti iyende pa S/4HANA, SAP yatsopano yolowa m'malo mwa ECC. Aphunzitsi athu anakana. Anati tiyambe tadziwa kuti ndi ati amene anthu akuwagwiritsadi ntchito. Pali chida chotchedwa SCMON chomwe chimalemba code iliyonse ikayendetsedwa, ndipo amati chisiyidwe choyaka kwa chaka chathunthu. Poyamba ndinaona ngati kuchedwetsa ntchito, mpaka nditaganizira pulogalamu yotsekera mabuku kumapeto kwa chaka. Imayenda kamodzi basi. Mukayeza miyezi itatu yokha muiyesa yakufa, muitaya, kenako a ku accounts adzaifuna pa tsiku lomwe sangathe kudikira.

Pomwe ndinatsegukira maso ndi pamene ndinapititsa lipoti langa loyeserera (pulogalamu yaing'ono yotulutsa lipoti) mu ABAP Test Cockpit, chida cha SAP chofufuza zolakwika mu code. Linali la mizere yochepa, ndipo ndinali nalo ndi chikhulupiriro. Chinanditulutsira zolakwika ziwiri. Nambala ya katundu ndinaipatsa malo a zilembo 18 monga zinalili kale, pomwe S/4HANA imalola mpaka 40. Nambala yaitali ikanangodulidwa kumchira mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse pa sikirini. China chinali SELECT (lamulo lotenga deta mu database) yopanda ORDER BY (mawu ouza database kuti iisanje mu dongosolo), ine n'kumawerenga zotuluka ngati zabwera mu dongosolo. HANA, database ya S/4HANA, silonjeza dongosolo limene simunalipemphe. Zimenezi zimandiopsa kuposa pulogalamu yongogwa, chifukwa yogwa imaonekera pomwepo, koma iyi imapereka yankho labodza lomwe munthu angalisayinire.

Za "clean core", mfundo yosunga SAP monga inabwerera, ndazimva msanga: code ya SAP osaigwira, gwiritsani ntchito ma API (zipata zolumikizira mapulogalamu) okhawo amene a SAP anawatsegulira anthu, ndipo zanuzanu zambiri muzimangire pambali, pa SAP BTP, malo a SAP a pa cloud omangirapo mapulogalamu.

Chomwe chikundivutabe ndi kusankha zotaya. SCMON ingakuuzeni kuti pulogalamu imayenda, koma singakuuzeni chifukwa chake inalembedwa. Mwina amene anailemba anachoka kalekale osasiya ndemanga ngakhale imodzi, ndipo wodziwa ndi mayi amene amaitsegula m'mawa uliwonse kuti aone ma invoice omwe aimitsidwa. Mlungu wamawa ndapempha kukakhala pambali pa munthu wotero kwa tsiku limodzi, ndili ndi mndandanda wa ma Z asanu oti ndikawafunse.