Kulira kwa galimoto yanga kwadziwika

Abale anga, galimoto ija imandichititsa manyazi pa Mchinji boma yapola lero. Sabata ziwiri zathunthu, ndikangoliza injini m'mawa kukuzizira, imalira kuti tswiii ngati mbewa yogwidwa pa msampha, mpaka amayi ogulitsa mandasi kucheuka. Ikatenthako imasiya. Koma ndikayatsa magetsi kapena kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, phokoso lija limabweranso.

Mnzanga wina anati ndithire oilo pa lamba wa injini, uja amati fanibeluti. Chonde musayerekeze, oilo amawononga labala ndipo lambayo amaterereka kuposa kale.

Ndinapita kwa bambo wina wachikulire wokonza magalimoto ku Kamwendo. Sanathamangire sipanala. Anamvetsera kaye, kenako anazimitsa injini n'kudina fanibeluti ndi chala. Inali yokhwepa, mkati mwake mosalala mochita kunyezimira, ndi timing'alu tambirimbiri. Ataichotsa anazungulitsa mapule onse (timawilo tomwe lambayo amazungulirapo) ndi dzanja, mmodzimmodzi, khutu lili pafupi. Wa alitaneta (chipangizo chotchaja batire) ankayenda bwino, wa pampu ya madzi chimodzimodzi. "Mwanawe, beringi ikanakhala yakutha ukanamva kukhukhuluza apa," anatero. Ndinapuma, chifukwa alitaneta ndiye ndimaiopa mtengo.

Chandiwawa n'choti ndinkapita nayo ku Lilongwe ili choncho, ana ali kumbuyo. Lambayu akaduka batire imasiya kutchaja, ndipo pa galimoto yangayi ndi yemweyo amene amazungulitsa pampu ya madzi, ndiye injini ikanawira penapake cha ku Namitete.

Bambo aja aika lamba watsopano, ndipo anena kuti ndibwererenso sabata yamawa akamukungenso, poti watsopano amayamba watamuka kaye.