Mmene ndinasonkhanitsira mbiri ya matenda a pamtundu pathu

Amayi atawapeza ndi BP komanso shuga, ine ndi amene ndinakhala gadiyani wawo, ndipo kuchipatala funso linkabwera lomwelomwelo: "Kodi kumtundu kwanu alipo wina amene anadwalapo nthenda imeneyi?" Madokotala safunsa zimenezi pongocheza. BP, shuga, mphumu, nthenda ya magazi yotchedwa sickle cell ndi khansa zina, monga ya m'mawere ndi ya m'matumbo, zimatsata mtundu. Dokotala akadziwa kuti kholo lako kapena m'bale wako wa bere limodzi anadwalapo, amayamba kukuyeza msanga thupi lisanayambe kudandaula. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi muno, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka sankadziwa n'komwe. Ndinaona kuti yankho la "kaya" likutimana thandizo, choncho ndinayamba kufufuza.

Ndinayamba ndi zimene zinali kale m'nyumba: mabuku a kuchipatala, a kusikelo a ana, timapepala ta zotsatira za magazi. Ena anali m'sutikesi, ena pakati pa Baibulo. Amayi okha anali ndi mabuku angapo osadzaza, chifukwa akaiwala lakale ankangogula lina. Chizolowezi chimenechi chimatipweteka kwambiri, popeza dokotala akatsegula buku latsopano amaona ngati wodwalayo wayamba lero. Mabuku a amayiwo ndinawasanja potsata madeti, lakale pansi latsopano pamwamba, n'kuwasoka pamodzi ndi ulusi. Zolemba za madokotala zinandivuta kuwerenga, ndiye ndinapempha namwino wina masana, mzere utachepa, kuti andimasulire. Ndi iye amene anandiuza kuti HTN ndi BP, DM ndi shuga, ndipo anandilembera bwinobwino mayina a mankhwala a amayi, amlodipine ndi metformin, pamodzi ndi mlingo wake.

Ntchito yaikulu inali yofunsa anthu. Achikulire kumudzi sakuuza dzina la nthenda. Ukafunsa kuti agogo aamuna anamwalira ndi chiyani, yankho limakhala lakuti "anangodwala mutu", kapena "anawachita chipongwe anthu". Pamenepo kutsutsana nawo n'kutseka pakamwa pawo, ndipo n'kupanda ulemu. Ndinaphunzira kufunsa mmene matendawo anayendera. Ndinkati, "Agogo, kodi iwo aja atagwa kumunda, mkono ndi mwendo zinkagwirabe ntchito? Nanga kulankhula?" Atandiuza kuti mbali imodzi inafa ndipo pakamwa panapotoka, ndinalemba mawu awo momwemo, pambali pake n'kuika kuti mwina inali sitiroko. Chimodzimodzi za amalume ena amene ankamva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kenako chilonda cha kuphazi chosapola. Sindinalembe kuti anali ndi shuga ngati ndine dokotala. Ndinalemba zizindikiro, kuti womasulira akhale wodziwa ntchitoyo.

Msinkhu umene nthenda inayambira ndi wofunika kwambiri, chifukwa sitiroko ya munthu wa zaka 45 imanena zambiri za mtundu kuposa ya wa zaka 85. Koma akuluakulu ambiri sasunga zaka. Apa zochitika za m'dziko zinandithandiza. Ndinkafunsa ngati munthuyo anabadwa isanafike njala ya mu 1949, ngati anadwala isanachitike referendamu ya mu 1993, kapena itadutsa njala ya mu 2002. Tikatero tinkayandikira chaka chenicheni.

Kwa ife Achewa pali mpata wina umene ndikufuna muusamale. Timakulira kuchikazi, pansi pa amalume, ndipo za mbumba ya amayi timazidziwa mpaka kwa agogo a agogo. Bambo anabwera ngati mkamwini, ndipo banja likatha kapena akamwalira, za kwawo zimazimiririka. Koma theka la magazi athu ndi la kuchimuna. Ine ndinanyamula sopo ndi mchere n'kupita kwa azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo anga. Titacheza za mvula ndi za ana, ndinati, "Zakhali, adokotala akufunsa za matenda a kuno kwathu, ndipo wodziwa ndinu." Anandiuza za ana awiri a m'bale wawo amene ankatupa manja ndi mapazi ali makanda, maso achikasu, kulira ndi ululu wa m'mafupa, kuwonjezeredwa magazi kawirikawiri, ndipo onse anamwalira ali aang'ono. Nditawafotokozera adokotala, anati zikufanana ndi sickle cell. Nthendayi mwana amaitenga kwa makolo onse awiri, ndipo makolowo akhoza kukhala athanzi ndithu koma ali nako kambewu kake. Onse awiri akakhala nako, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi nthendayi ndi umodzi pa inayi. Kuchikazi kokha nkhani imeneyi sindikanaimva.

Pali zina zimene anthu sanafune kunena, makamaka khunyu, matenda a maganizo ndi mimba zopita padera. Sindinakakamize aliyense. Ndinkalonjeza kuti zolembazo adzaziona ndi adokotala okha, ndipo lonjezo limenelo ndimalisunga. Za HIV ndi ma ARV sindinalembe za munthu wina aliyense, chifukwa imeneyo ndi nkhani ya mwiniwake ndi dokotala wake. TB siitsata mtundu, koma ndinalemba amene anadwalapo tikukhala nawo nyumba imodzi.

Zonsezi ndinaziika m'kope limodzi lachikuto cholimba, munthu aliyense tsamba lake: ubale wake ndi ine, chaka chobadwa, matenda ndi msinkhu umene anayambira, maopaleshoni, ndipo kwa omwalira, chimene chinawatenga. Kwa amoyo ndinawonjezera gulu la magazi ngati likudziwika, mankhwala amene akumwa, ndi amene sagwirizana nawo. Mchemwali wanga anatuluka zidzolo thupi lonse atamwa Bactrim, ndiye ndinalemba zimenezi ndi inki yofiira pachikuto cha buku lake la kuchipatala, kuti ngakhale atafika ali chikomokere, aziona. Adokotala anawonjezera kuti asamamwenso Fansidar, poti onsewa muli mankhwala a gulu limodzi lotchedwa sulfa.

Kusunga kwake n'kosavuta. Mabuku onse ali m'jumbo, jumboyo m'chitini chotseka bwino, kuopa chiswe ndi denga lodontha. Mapepala ena a zotsatira, aja opyapyala otuluka m'makina, amafufutika pakapita miyezi, choncho ndimawachita fotokope akadali atsopano. Zithunzi za X-ray sindipinda. Tsamba lililonse lofunika ndimalijambula pafoni n'kulisunga pa Google Drive, malo osungirako zinthu pa intaneti, osati pagulu la WhatsApp la banja, pomwe aliyense angalitumize kwina. Mchimwene wanga amene ali ku Joni ndinamutumizira yekha tsamba la makolo athu, nayenso anandijambulira kabuku ka katemera ka mwana wake.

Tsopano popita ndi amayi kuchipatala ndimanyamula buku lawo losokedwa lija ndi pepala limodzi lachidule, ndipo tikabwerako ndimalemba BP ndi shuga za tsikulo ndisanachite china. Ine ndi abale anga timayezetsa BP ngakhale sitikudwala, ndipo ana a kuchimuna amene akukonzekera ukwati tawauza kuti akayezetse sickle cell pamodzi ndi okondedwa awo.