Mafuta a pachiwaya m'chikombole cha amalume

Amene munafikako ku Salima mukudziwa kuti pa Kamuzu Road palibe chimene sichipangidwa, mbaula, ndowa, zidebe, zonse. Amalume anga ndi mmodzi wa akatswiri amenewa, koma iwo samangodalira hamala ngati anzawo ayi, ali ndi makina awoawo opangidwa ndi jeke ya lole ndi chikombole chachitsulo. Umaika lata la aluminiyamu pa chikombole, kupopa jeke, chitsulo china nkulikankhira mkati, potuluka ndi chivindikiro cha poto. Lamulo lawo amalinena mmawa uliwonse: girisi upake mbali yokhudza chikombole, poti pamenepo lata liyenera kutsetsereka, kumene chitsulo chikukankha usapake, pamafunika kugwirana.

Nde kunagwa maliro ku Khombedza, amalume anandisiyira oda ya mayi wina wa resitilanti ku Senga Bay ndi ndalama yogulira girisi. Za ndalamayo musandifunse, inunso mukukudziwa kutentha kwa Salima mu Okotobala ndipo Fanta inali yozizira bwino.

Ndinayamba pouma. Lata linalira ngati mbuzi yomangidwa pa kabaza, kenako ng'aa! pakona penipeni. Vuto lake aluminiyamu ndi wofewa, akakhulana ndi chitsulo popanda mafuta tizidutswa take timamatirira pakamwa pa chikombole, ndiye timeneto timakala lata lililonse lobwera pambuyo. Oyilo wakutha wa ku galaja ndinamukana ndekha, muja mumakhala mwaye ndi tizitsulo ta mu injini, sungapake pa chinthu chovindikira ndiwo za anthu. Mukuona kuti nzeru ndinali nazo.

Apa mpamene maso anga anagwera pa chiwaya cha aise wina amene amakazinga tchipisi ndi usipa tsidya lina la msewu. Ndinati mafuta ndi mafuta basi. Anandithirira m'botolo ulere, akuda bii, pansi pali nyenyeswa.

Abale inu, poyamba zinatheka! Jeke kupepuka, zivindikiro kumangotuluka, ine nkumaimba mluzu ndikuganiza zotsegula shedi yanga ku Chipoka. Kungoti mafuta opyapyala aja akapanikizika amathawira m'mbali, nde ndinkangothira ambiri, otsala ndikupukutira pa thalauza. Nditayang'anitsitsa padzuwa, chivindikiro chilichonse chili ndi mizere, mchere ndi mchenga wa mu usipa zagwira ntchito ya sandipepa. Ndinati mayi aja ndiwauza kuti ndi dizaini.

Kutacha ndinapeza msonkhano. Mafuta agwirana ngati ulimbo, nyerere mzere kuchokera kumpanda mpaka pa jeke, chikombole chayamba kale madontho a dzimbiri chifukwa cha mchere uja, ndipo agalu a pamsika akunyambita oda ya eni ake. Wina wakhungu lothothoka ananyamula chivindikiro pakamwa nkuliyatsa. Ndinamuthamangitsa mpaka pa siteji ya kabaza, osadziwa kuti anzake onse akuthamangira thalauza langa kumbuyo. Akabaza kuseka mpaka wina kugwa ndi njinga, wina akukuwa kuti "bwana, akwere onse? Mtengo ndi pamutu!"

Pobwerera, thalauza lopanda thumba lakumbuyo, ndinapeza amalume afika, jekete la kumaliro likadali m'thupi. Ananyamula chivindikiro chimodzi, kuchitembenuza, kupalasa mizere ija ndi chikhadabo, kenako kuchinunkhiza nthawi yaitali.

"Iwe, ndalama ya girisi wagula usipa?"

"Ayi amalume, usipa sindinadye olo mmodzi."

Apa mpamene anakwiya zenizeni. Akuti bola ndikanadya usipawo, bwenzi tikudziwa kumene ndalama yapita. Sandipepa wopalira chikombole anadula pa malipiro anga, ndipo aise wa chiwaya uja mpaka lero akandiona amafunsa ngati fakitale ikufuna mafuta ena, akuti pano ayamba kugulitsa.