Manja ambiri m'wotchi imodzi ya m'thumba

Miyezi ino ndakhala ndikuwerenga za mawotchi akale a m'thumba a ku Switzerland, aja a chivundikiro ndi katcheni kokolekera pa malaya. Funso limene landikangamira ndi loti kodi ndani kwenikweni ankawapanga.

Mu mzinda wa Geneva, mtsogoleri wa Achiprotestanti Jean Calvin ataletsa zodzikongoletsera cha m'ma 1541, osula golide anasowa msika, ndipo ambiri anatembenukira ku mawotchi, popeza wotchi inkatengedwa ngati chida chothandiza. Achiprotestanti othawa chizunzo ku France anabwera ndi luso lawo, ndipo pofika 1601 amisiriwa anali ndi bungwe lawolawo.

Koma mtima wanga uli ku mapiri a Jura, m'malire a Switzerland ndi France. Kumeneko Daniel JeanRichard, amene anamwalira ku Le Locle mu 1741, amakumbukiridwa chifukwa chofalitsa ntchitoyi pakati pa alimi. Chipale chofewa chikatseka minda miyezi yambiri, banja linkakhala pa thebulo pafupi ndi windo n'kumapanga kachidutswa kamodzi kokha. Nyumba iyi timagudumu ta mano, nyumba inayo masipuling'i, ina kupukuta zivundikiro mpaka ziwale, ndipo azimayi ndi ana ankagwira nawo. Wamalonda ankazungulira kutolera tizidutswato n'kukapereka kwa wolumikiza. N'chifukwa chake dzina la pankhope ya wotchi yakale nthawi zambiri limakhala la wogulitsa chabe. Zimandikhudza kuti anthu amene anathera maso awo pa tinthu timeneti sanalembedwe paliponse.

Ukatsegula chivundikiro chakumbuyo umaona timiyala tofiira pomwe timagudumu timazungulira, ndi kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi kakufutukuka n'kubwerera. Mawotchi akale kwambiri ali ndi kabowo kolowetsamo kiyi wopotokolera wotchi kuti iziyenda. Njira yopotokola kamutu ka pamwamba popanda kiyi anaikonza ndi Adrien Philippe m'ma 1840, asanagwirizane ndi Antoni Patek wa ku Poland pa bizinesi ya mawotchi.

Mu 1876 zinthu zinasokonekera. Jacques David wa kampani ya Longines anapita ku chionetsero cha ku Philadelphia, n'kuona kuti ku America, fakitale ya Waltham inkapanga zidutswa ndi makina, zofanana ndendende moti cha wotchi ina chinkalowa pa inzake. Lipoti lake linadzutsa anzake, ndipo pang'onopang'ono ntchito inachoka m'nyumba za alimi kupita m'mafakitale a ku Saint-Imier ndi La Chaux-de-Fonds.

Pa onsewa, amene ndimamulemekeza kwambiri ndi Georges-Frédéric Roskopf. Mu 1867 anatulutsa wotchi ya munthu wamba, yokhala ndi zidutswa 57 zokha, yogulitsidwa pa mafranki 20. Amisiri anzake ambiri anainyoza kuti ndi yotchipa, komabe anthu a ntchito zamanja anayamba kukhala ndi nthawi m'thumba mwawo, ndipo mafakitale ena anaitengera mpaka inapangidwa mamiliyoni.