Zam'paketi kapena zophika nokha: werengerani moto, madzi ndi mchere

Chitini cha nyemba zophikaphika chimene mumachiona m'masitolo a muno mu Mzuzu nthawi zambiri chimalemera magalamu 410. Mukachitsegula n'kukhetsa msuzi, nyemba zenizeni zimatsala cha m'ma 250. Kilo imodzi ya nyemba zouma, kaya mwagula ku msika wa Zigwagwa kaya mwatsika nazo basi kuchokera ku Jenda, ikaviikidwa n'kupsa imafufuma mpaka kupitirira makilo awiri. Ndiye kuti kilo imodziyo ikufanana ndi zitini zisanu ndi zitatu. Tengani mtengo wa chitini lero, muchulukitse ka 8, muyerekeze ndi mtengo wa kilo ya pamsika. Chitini chigwa chagada. Komabe wogula chitini sanapenge. Ndalama yake ikulipira moto ndi nthawi, ndipo ziwirizi kuno sizotsika mtengo.

Nyemba zimachedwa kupsa ku Mzuzu kusiyana ndi kunyanja, ndipo si ufiti. Mzindawu uli pamtunda, mamita opitirira 1,200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, choncho madzi amawira asanafike madigiri 100, amawirira cha pa 96. Pa tiyi simungaone kusiyana, koma pa nyemba zouma madigiri ochepawo amadya makala. Onjezanipo vuto la nyemba zogonera: zikakhalitsa m'thumba pamalo ofunda ndi achinyezi zimalimba mkati, mungaziwiritse mpaka dzuwa kupendeka zikadali gwa. Hotipuleti ya mawati 1,500 ikayaka mwamphamvu maola awiri yadya mayunitsi atatu. Pambaula, werengani nokha kuti mwathirapo makala kangati. Mtengo umenewo uziphatikizidwa ku mtengo wa nyemba, apo ayi mukudzinamiza.

Moto umenewu ungachepe kwambiri. Sankhani nyemba madzulo, muchotse miyala ndi zofumbwa, muziviike m'madzi makapu atatu pa kapu iliyonse ya nyemba kwa maola 8 mpaka 12. M'mawa tayani madziwo, thirani ena, ndipo ziwire mwamphamvu kwa mphindi 10 zoyamba. Apa musachite ulesi, makamaka ndi nyemba zofiira, chifukwa zili ndi poizoni wachilengedwe amene amafa pokhapokha zikabwata kwenikweni. Zongofunda pamoto wozilala zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa. Zikatero chepetsani moto, vindikirani. Madzi akaphwa onjezani otentha, chifukwa ozizira amadula kuwira ndipo mumayambanso pachiyambi. Tomato adikire mpaka nyemba zitafewa: kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu la nyemba. Soda ndi chidulo zimafewetsadi msanga, koma zimawononga vitamini B1 ndipo mukalowetsa dzanja nyemba zimasanduka phala lonunkha sopo.

Pali njira ina imene anthu ambiri amaipeputsa. Nyemba zoviika zikawira kwa theka la ola, phulani poto ali chivindikirire, mumukulunge m'bulangete lakale, muike m'dengu kapena m'katoni, pamwamba mutsekenso ndi pilo. Pakatha maola atatu kapena anayi zimakhala zapsa ndi kutentha kwake komwe. Muziwiritsenso pang'ono musanadye. Amene angakwanitse kugula poto wamagetsi wotsekera nthunzi uja, nyemba zoviika zimapsa m'mphindi 30 mpaka 40 ndipo yunitsi imodzi siitha. Potoyo ndi wodula pogula, koma pa mtunda ngati wathu uno ndiye mankhwala enieni, chifukwa mkati mwake madzi amatentha kupitirira madigiri 100.

Chimene chimagwetsa anthu ndi kusunga. Amene ali ndi furiji aphike kilo yonse kamodzi, agawe m'timakontena, zina aumitse. Zam'furiji wamba zidyedwe pasanathe masiku atatu kapena anayi. Musakazingire zonse tomato ndi anyezi, kazingirani zokhazo zimene mudye tsikulo, chifukwa zokazingira zimasasa msanga. Amene alibe furiji aphike za tsiku limodzi basi. Mukavundukula m'mawa n'kuona thovu pamwamba ndi kafungo kowawasa, musalimbane nazo, kuwiritsanso sikuzibweza. Pa chifukwa chimenechi wophunzira wokhala yekha m'chipinda chimodzi ku Luwinga, wopanda furiji, akagula chitini kamodzikamodzi sanalakwe masamu. Banja la anthu asanu ndi mmodzi ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa likatero, likutaya ndalama. Komanso zam'chitini zambiri zimabwera mu msuzi wa shuga, ndipo pa nsima zimakhala ngati mwasokoneza ndiwo ndi jamu.

Pa nyama ya soya ndiye paketi yapambana, palibe kukangana. Timapisi timeneti amatipanga ku fakitale kuchokera ku soya wofinyidwa mafuta, n'kumudutsitsa m'makina otentha kwambiri, ntchito imene simungaichite ndi mtondo ndi mbaula. N'touma, choncho simukulipira madzi, ndipo mukativiika timalemera kuwirikiza kawiri kapena kupitirira. Sitifuna furiji, timapsa m'mphindi zosakwana 20. Amene amati soya amamveka ngati siponji nthawi zambiri amangomuponya m'madzi ndi tomato. Muviikeni m'madzi otentha mphindi 10, mumufinye ndi manja mpaka asiye kudontha, mumukazinge m'mafuta otentha mpaka m'mbali mufiire, kenako anyezi, kenako tomato, madzi pang'ono pomaliza. Mchere musathire musanalawe, mapaketi ambiri amabwera ndi zokometsera zake kale.

Manudozi ndi nkhani ina. Paketi yake ndi ufa wa tirigu wokazingidwa m'mafuta n'kuumitsidwa, kuphatikiza kasacheti kamene mbali yaikulu ndi mchere. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, kumene kuli pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Papaketi salemba mchere nthawi zonse, amalemba sodium. Chulukitsani nambalayo ka 2.5 kuti mupeze mchere: mamiligalamu 1,200 a sodium ndi magalamu 3 a mchere, kupitirira theka la tsiku lonse m'mbale imodzi yosakhutitsa. Onetsetsaninso ngati nambalayo ndi ya paketi yonse kapena ya magalamu 100, kapenanso ya theka la paketi, poti ena amawerengera choncho. Mukawadya, thirani theka la kasacheti, muswere dzira, muduliremo repu kapena chainizi.

Ndipo nthawi imene manudozi amapulumutsa ndi yochepa kuposa mmene timaganizira. Madzi akawira, nsima ya munthu mmodzi kapena awiri siitenga mphindi 15. Usipa wouma wa ku Nkhata Bay, mutauchotsa mitu n'kuutsuka m'madzi ofunda, umapsa nsimayo isanazizire. Mpunga wa Kilombero ndi mphindi 20. Mazira a tomato, mkhwani wotendera, bonya wokazinga, zonsezi ndi zachangu kale, kungoti sizibwera m'pepala lowala. Zimene zimadyadi nthawi kukhitchini kwathu ndi zowerengeka: nyemba, nyama yolimba, chigwada chofuna kusinja, ndi ufa.

Mchere wobisika suli m'manudozi mokha. Mphika umodzi wa ndiwo umalandira kachidutswa kokometsera kaja, supuni ya ufa wa supu wam'paketi, kenako dzanja limapitanso ku mchere mwachizolowezi. Zonse zitatuzo ndi mchere. Sankhani chimodzi. M'nyumba mmene muli wodwala BP, anyezi wokazinga bwino mpaka kufiira, adyo, kambuzi ndi madontho a ndimu zimagwira ntchito imene timapaketito timalonjeza.

Ufa ndiye umafuna kuganiza mofatsa. Thumba la chimanga la makilo 50 silibala ufa woyera wa makilo 50. Mukakonola, gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kupitirira limapita ku madeya ndi m'madzi oviikira mphale. Kenako pali ndalama ya kuchigayo kawiri, pokonola ndi pogaya, ya kabaza wonyamula thumba, ndi masiku oviika ndi kuyanika. Kuyanikako n'kumene kumavuta kuno. Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo ngakhale mu June ndi July kumachita mitambo ndi kamvula kowaza. Ufa woyanika pamkeka n'kuulowetsa usanaume umachita zibuma, umanunkha chuku, nsima yake imawawasa. Yesani pofumbata: wouma bwino umamwazika mukatambasula dzanja, wachinyezi umatsala chibulumwa. Banja lalikulu logula chimanga nthawi yokolola, mtengo uli pansi, limapindula ndithu kugayitsa lokha, makamaka likamadya mgaiwa, umene sutaya kanthu ndipo uli ndi chakudya chambiri kuposa woyera. Munthu mmodzi kapena awiri, miyezi ya mvula, paketi ya makilo 5 ya kusitolo ndi yanzeru, ndipo wa m'mafakitale akuluakulu amauthira mavitamini ndi ayironi.

Choipitsitsa pa mtengo ndi wokumani, timajumbo ta ufa tapamsika tija, pamodzi ndi mafuta oyeza m'timachubu ndi shuga wa pa supuni. Pa kilo kapena pa lita, palibe chodula kuposa timeneti. Aliyense amadziwa zimenezi, ndipo wogula wokumani amagula chifukwa ndalama imabwera ya tsiku limodzi. Pamene zingatheke, mabanja awiri kapena atatu oyandikana asonkherane botolo la malita 5 n'kugawana. Phindu lina ndi lakuti mafuta a m'botolo lotsekedwa ndi fakitale amakhala ndi vitamini A, pomwe oyeza simudziwa kumene achokera, ndipo vitaminiyo imawonongeka mafuta akakhalitsa padzuwa pabenchi.

Pa phala la ana, mbali zonse zili ndi mfundo. Likuni Phala ndi ufa wa chimanga ndi soya wothiramo mavitamini ndi michere ina imene simungaithire nokha. La pakhomo limatsika mtengo: makapu anayi a chimanga pa kapu imodzi ya soya, kugayitsa pamodzi. Koma soya asapite kuchigayo wamuwisi. Mukazingeni pamoto wochepa mpaka afiirire ndi kununkhira, kapena mumuponye wouma m'madzi owira kale kwa theka la ola n'kumuyanika. Mukamunyowetsa ndi madzi ozizira asanapse amatulutsa fungo lija limene ana amakanira phala, ndipo wosapsa bwino amavuta kugaya m'mimba. Phala la pakhomo muzilemeretsa ndi supuni ya nsinjiro, kasupuni ka mafuta, dzira kapena usipa wosinja, ndipo likhale lolimbirako, losayoyoka pa supuni. Lamadzimadzi limadzaza mimba ya mwana popanda kumupatsa mphamvu.

Nsinjiro ndi chiponde ndiye pofunika maso. Mtedza wosauma bwino, kapena wowazidwa madzi kuti usavute kuswa, umachita chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Ameneyu amawononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumuchotsa. Nsinjiro zogula zosinjasinja m'kajumbo simungadziwe kuti zachokera ku mtedza wotani, ndipo mtedza wonyala ndi wosweka umene sungagulike pawokha ndi umene umathera mumtondo mosavuta. Gulani mtedza wathunthu, muuthire pa lichero, mutaye wonyala, wakuda, wobooka ndi wowawa, musinje wokwana sabata imodzi yokha poti nsinjiro zimachita fungo msanga. Ngati mukugula chiponde cha m'botolo, chikhale ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo werengani zimene athiramo. Mafuta oyandama pamwamba si vuto, ingotakasani.

Tomato wam'sacheti kapena wam'kachitini amathandiza miyezi ya mvula, pamene mulu wa pamsika wachepa n'kukwera mtengo. Supuni imodzi yodzaza imalowa m'malo mwa tomato awiri kapena atatu apakatikati. Mukazingeni m'mafuta ndi anyezi kwa mphindi ziwiri musanathire madzi, kuti kuwawasa kuchoke. Onani mndandanda wa zimene zilimo: ena ndi tomato ndi mchere basi, ena athiramo sitachi, shuga ndi utoto. Wotsala musamusiye m'chitini chotsegula, muikeni m'kabotolo kagalasi, pamwamba muthire mafuta pang'ono. Tomato akachuluka pamsika, nyengo yadzuwa, wam'sachetiyo musiyeni pa shelefu.

Zambiri zam'zitini ndi zam'mabokosi zimachokera kunja, ndiye mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zoterezi sizinachedwe kukwera, ndipo katundu wodula amakhalitsa pa shelefu. Choncho yang'anani deti musanalipire, makamaka pa zimene zatsitsidwa mtengo mwadzidzidzi. Chitini chotupa pamwamba kapena pansi, chochita dzimbiri m'mphepete, kapena chophwanyika pa msoko, chisiyeni ngakhale akupatseni ulere; chotupa chikhoza kukhala ndi poizoni wakupha amene samveka fungo. Pa masoseji ndi nkhuku zoumitsa, kumbukirani kuti magetsi amathima kusitolonso. Tembenuzani paketi: mukaona magazi ataundana pansi, madzi oundana ambiri mkati mwa pulasitiki, kapena masoseji atamatirirana n'kupindika, ndiye kuti zinasungunukapo n'kuumanso. Bwezani mufiriji momwemo, mukagule usipa.